Momwe mungafikitsire vuto la kwanu ku khonsolo ya Chipata

Mvula ikagwa, ngalande n'kutsekeka ndi mapulasitiki, madzi n'kulowa m'nyumba, mawu amakhala amodzi paliponse: "Boma lili kuti?" Timayimba foni ku wailesi, timakwiya m'magulu a WhatsApp, koma ngalande ija imakhalabe yotsekeka. Nthawi zambiri dandaulo limafera panjira chifukwa silinafike kwa mwini wake wa ntchitoyo.

Choyamba, dziwani wadi yanu. Tulutsani khadi lanu lovotera, muone dzina la wadi ndi dera la phungu lomwe munalembetsa. Musangodalira dzina la komboni. Kapata ndi komboni komanso ndi wadi, koma mawadi ena monga Dilika, Msanga ndi Kanjala amatenga malo angapo pamodzi, ndipo malire ake satsata mmene ife timatchulira malo tikamakwera takisi. Ngati munasamuka, funsani anansi anu kuti khansala wa pamenepo ndani. Kumbukiraninso kuti Chipata wa lero si uja wa kale. Tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo pambuyo pake Kasenengwa ndi Chipangali anakhala maboma paokha, aliyense ndi khonsolo yake. Munthu wa kumeneko akabwera ku Civic Centre, maofesi a khonsolo ya Chipata, ndi nkhani ya mjigo, wangotaya ndalama ya ulendo.

Chachiwiri, dzifunseni kuti vutolo ndi la ndani. Zinyalala, misika, masiteshoni a basi, ngalande ndi misewu ya m'makomboni, mapulani a nyumba, malayisensi a bizinesi, manda ndi ozimitsa moto, zonsezi ndi za khonsolo. Paipi ikaphulika, pitani ku Eastern Water and Sanitation Company. Magetsi ndi a ZESCO. Msewu waukulu wa Great East uli m'manja mwa Road Development Agency. A DC amaimira boma lalikulu la ku Lusaka, si bwana wa khonsolo ayi. Ndipo ngati nkhani ndi ya malo a kumudzi, monga m'dziko la Inkosi ya Makhosi Mpezeni, yambirani kwa anyakwawa.

Tsopano pamene pagona nkhani. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 2019 limati wadi iliyonse ikhale ndi komiti yachitukuko, ija timangoti WDC. Wadi imagawidwa m'mazoni, ndipo anthu a zoni iliyonse amasankha wowaimira mu komitiyo. Khansala amakhalamonso, koma komitiyo si yake, ndi yanu. Munthu wa zoni ameneyu ndiye woyamba kumuona. Amakhala pafupi, mwina mumapemphera naye limodzi, mwina amagulitsa tomato pamsika womwe inu mumagula ndiwo. Zimandipweteka mtima kuona msonkhano wa zoni utayitanidwa, mabenchi a pasukulu atayalidwa bwinobwino, n'kubwera anthu owerengeka, ambiri a iwo amayi achikulire. Zomwe zagwirizanidwa pamsonkhano wotere ndi zomwe zimakwera kupita ku khonsolo, kaya inu munalipo kaya munalibe.

Pitani ndi kalata, osati pakamwa pokha. Isakhale yaitali. Lembani malo enieni, mwachitsanzo ngalande ya kuseri kwa msika yotsikira ku Lunkhwakwa, nyumba zingati zomwe madzi amalowa, vutolo linayamba liti, ndi chomwe mukupempha. "Tikufuna chitukuko" si pempho. "Tikupempha kalavati pamalo pomwe ana amawolokera popita kusukulu" ndiye pempho. Anansi asayine, ndipo ngati muli ndi foni jambulani zithunzi madzi akadali pomwepo. Makalata akhale awiri. Imodzi musiye, inayo akulembereni tsiku lomwe alandira kapena akudindireni, mubwerere nayo kunyumba.

Ngati ntchitoyo ndi yofuna ndalama zambiri, monga ulalo, kalasi, chipatala chaching'ono kapena mjigo, funsani za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu. Thumba limeneli linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu aliyense, koma mu 2022 linakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo lakhala likukwerabe. Muli ndalama za ntchito za chitukuko, za mabasale a ana a kusekondale yogonera konko ndi ophunzira ntchito zamanja, komanso thandizo ndi ngongole za magulu a amayi ndi achinyamata. Fomu ndi yaulere. Mukaidzaza imadzera ku WDC, kenaka ku komiti ya CDF ya dera lanu, ndipo khonsolo ndiyo imayendetsa ndalamazo. Si mphatso ya a MP, ndi ndalama za misonkho yathu. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu lidutse, mukaneni, ndipo kanenereni.

Mukatero musakhale chete kudikira. Pakapita milungu ingapo bwererani kwa wa zoni, mufunse ngati nkhani yanu inalowa m'maminitsi a WDC. Akakhala kuti akungokuzungulitsani, onanani ndi khansala, kalata yanu yodindidwa ija ili m'manja. Zikakanikabe, lemberani a Town Clerk, amene ndi mkulu wa onse ogwira ntchito ku khonsolo. A Meya nawonso mungawafikire. Kuyambira 2016 meya timasankha tokha pa masankho, sasankhidwanso ndi makhansala okhaokha monga kale, choncho ali ndi mangawa kwa wovota aliyense mu mzinda muno. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu. Funsani tsiku ku Civic Centre, mukakhale kumbuyo, mumve ngati khansala wanu atchula za kwanu.

Pempho likakanidwa, funsani chifukwa chake, mukonze pomwe palakwika, mulibwezenso ulendo wotsatira. Za ngalande ndi maulalo yambani kuziyendera chilimwe chikadalipo, chifukwa makomiti amatenga miyezi kuti avomereze ntchito, ndipo makontirakitala sakumba bwino mvula ikayamba mu Novembala.