Musanagone pa bedi la ku fiyeta: zoyenera kudziwa za maopaleshoni okonza thupi

Ndine namwino, ndipo ntchito yanga yambiri ndaigwira ku fiyeta ndi m'mawodi a amayi. Kuno ku Salima, amayi akandipeza pa Kamuzu Road kapena potuluka m'tchalitchi, ena amanditengera pambali n'kundionetsa zithunzi za pa Facebook ndi TikTok: mimba yaphwa, chiuno chowonda, mbina yotumphuka. Amafunsa ngati zimathekadi. Zimatheka, amayi anzanga. Koma zithunzizo sizionetsa masabata 6 otsatira, pamene simunyamula ndowa, simusinja, simubereka mwana kumbuyo. Kwa ife kuno, nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndiyambe ndi kuchepetsa mabere, chifukwa opaleshoni imeneyi ndimaiikira kumbuyo. Mayi wa mabere olemera kwambiri amamva msana ndi khosi kuwawa, zingwe za bra zimamudula mapewa, ndipo m'nyengo yotentha ngati Okutobala wathu wa kunyanja kuno, pansi pa mabere pamatuluka zilonda za thukuta zosapola. Ameneyu akufuna mpumulo, osati kudzionetsera. Dokotala amakugonetsani tulo, amachotsa mafuta, mnofu wa bere ndi khungu lotsala, kenako amakweza nsonga ya bere. Zimatenga maola 2 mpaka 4. Chipsera chimazungulira nsongayo n'kutsika pansi, nthawi zambiri n'kupitanso mopingasa pamene bere limapindikira. Sichitha, chimangozilala. Mayi wina amayamwitsa bwinobwino pambuyo pake, wina mkaka umachepa kapena osatuluka, ndiye ngati mukufunabe ana, nenani zimenezi pa tsiku loyamba.

Kukulitsa mabere kumachitika poika timatumba ta silikoni kapena ta madzi a mchere pansi pa bere kapena pansi pa mnofu wa pachifuwa. Timatumbati si ta moyo wonse. Timatha kuphulika, kapena thupi limatikulunga ndi chipsera cholimba mpaka bere kuuma ndi kuwawa, ndipo pamafunika opaleshoni ina. Mu 2010 anapeza kuti kampani ya PIP ya ku France inkaikamo silikoni wosayenera thupi la munthu. Choncho mukaikidwa, pemphani pepala losonyeza dzina ndi nambala ya zimene zili m'thupi mwanu, mulisunge m'buku lanu la kuchipatala.

Za mimba anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Liposuction ndi kupopa mafuta a pansi pa khungu ndi kachubu kachitsulo kolowera pa timabowo tating'ono. Sichepetsa kunenepa kwa thupi lonse, ndipo khungu lolendewera silibwerera. Kwa mayi amene mimba yake inatambasuka ndi uchembere, imene imathandiza ndi ija amati tummy tuck: amadula kuchokera m'chiuno uku mpaka uku pansi pa mchombo, amasoka minofu imene inatalikirana nthawi ya pakati, amachotsa khungu, mchombo n'kuutulutsira pa bowo latsopano. Mumadzuka muli ndi timachubu totulutsa madzi pabala, ndipo masiku oyamba mumayenda mowerama. Iyi ndi opaleshoni yaikulu. Ichitike mutamaliza kubereka, chifukwa pathupi pena pamatha kumasulanso zimene anasoka.

Pa BBL, opaleshoni yokulitsa matako, ndilankhula mosabisa: sindingalole mwana wanga. Amapopa mafuta pamimba ndi kumsana n'kuwabaya m'matako. Mafutawo akalowa mu mtsempha waukulu amathamangira ku mapapo, ndipo munthu amatha kumwalira ali pa bedi pomwepo. Mu 2017 akatswiri a maopaleshoniwa anayerekeza kuti mwa anthu 3,000 alionse mmodzi ankamwalira, n'chifukwa chake tsopano amalangiza kuti mafuta azibayidwa pansi pa khungu pokha, osafika mu mnofu. Mukapulumuka, kwa masabata angapo simukhalira matako. Taganizani minibasi ya ku Lilongwe kapena kabaza wa ku Senga Bay muli choncho. Ndipo za jakisoni wa mahipi wobayidwa m'nyumba kapena m'saluni, thawani. Zinthu zobayidwazo zimayenda m'thupi, zimawoletsa mnofu, ndipo kuzichotsa zonse n'kovuta kwambiri.

Tsopano ngati mwatsimikiza mtima, yambani ndi khungu lanu. Yang'anani pamene munaboola makutu, pa katemera, kapena pa chipsera cha opaleshoni ya uchembere. Ngati panatupa n'kupitirira pamene panali bala, ndiye kuti thupi lanu limapanga keloid, ndipo izi zimachitika kwambiri kwa ife akhungu lakuda. Muonetseni dokotala asanakhudze mpeni. Keloid wa pakhutu yemweyo akangodulidwa popanda jakisoni wa steroid pambuyo pake, kawirikawiri amabwerera, nthawi zina wamkulu kuposa poyamba.

Kenako fufuzani wodulayo. Dokotala aliyense wogwira ntchito m'dziko muno ayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati anaphunzira plastic surgery. Funsaninso amene adzakugonetseni, ngati pamalopo pali magazi ndi chipinda cha odwala mwakayakaya, komanso amene adzakuoneni bala likavuta usiku. Ngati vuto ndi la msana kapena keloid, yambirani pa chipatala cha boma cha Salima kapena Nkhotakota kuti akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Opita ku Johannesburg kapena Istanbul, musagule tikiti yobwerera dokotala asanakuuzeni tsiku loyenera kukwera ndege, pakuti kukhala pansi nthawi yaitali mutangochitidwa opaleshoni kumatha kuundanitsa magazi m'miyendo.

Yezetsani magazi. Kuno malungo ndi uchembere zimasiya amayi ambiri ndi magazi ochepa osadziwa. Yezetsaninso shuga ndi BP. Ngati muli pa ma ARV, nenani ndipo musasiye kumwa. Tchulani chilichonse chimene mumamwa: aspirin, mapiritsi akulera, mankhwala azitsamba, ngakhale aja onenepetsa ogula pamsika. Musachite manyazi kunenanso za mafuta oyeretsa khungu, chifukwa ambiri ali ndi steroid amene amapyapyalitsa khungu, ndipo bala limachedwa kupola. Fodya, ngakhale wa m'mphuno, siyani pasadakhale masabata 4 kapena kuposerapo. Pa tsikulo musadye kanthu kwa maola 6 musanalowe.

Chimene ambiri amaiwala ndi gadiyani. Osati wa kuchipatala kokha, koma wa pakhomo kwa mwezi ndi theka. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba, achemwali kapena apongozi, mugwirizane amene azipita ku mjigo, amene azichapa ndi amene azinyamula mwana. Amene mumagulitsa usipa kapena mpunga, werengerani kuti masabata amenewo bizinesi ikhala m'manja mwa wina. Pewani nyengo ya dzinja ngati mumalima, ndipo ine ndimakonda miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, chifukwa lamba wothina amene amavalidwa usana ndi usiku pambuyo pa opaleshoni ndi wovuta kumupirira m'kutentha kwathu. Sunganinso ndalama ina pambali yobwererera kwa dokotala.

Mukatuluka, yendani pang'onopang'ono m'nyumba tsiku lililonse, musamangogona. Bala lisanyowe m'nyanja mpaka litatsekeka, ndipo musapakepo phulusa, zitsamba kapena mafuta odzola. Thupi likatentha musangoganiza kuti ndi malungo n'kugula LA. Kayezetseni, ndipo aone balalo. Mukaona mafinya onunkha, bere limodzi kutupa mwadzidzidzi, khungu la pabala kuda, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa kumbuyo kwa msongolo, kapena mukamabanika ndi kumva kupweteka pachifuwa, pitani ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mutatenga mapepala onse a opaleshoni yanu.