Momwe mungadziwire ntchentche yoika mphutsi pakhungu, ndi tanthauzo la dzina lake

Nyengo ya dzinja galu kapena mwana amatuluka kachithupsa kokhala ndi kabowo pakati, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kanthu kakusuntha. Ambiri timaloza ntchentche zobiriwira zija za pa usipa. Timazinamizira. Mwini mlandu ndi ntchentche ina, mbale wa zobiriwirazo m'banja la Calliphoridae, dzina lake Cordylobia anthropophaga.

Choyamba, tulutsani mphutsiyo yamoyo. Matani Vaseline pakabowo kuti isowe mpweya, ikayamba kusuzumira finyani pang'onopang'ono m'mbali. Ikakhala pafupi ndi diso, musalimbane nayo, thamangani kuchipatala.

Kenako sankhani. Ngati mukufuna kuipereka kwa alangizi a ziweto, iviikeni kaye m'madzi otentha kuti iwongoke, kenako muiike m'kabotolo ka spiriti. Lembani ndi pensulo malo, tsiku, komanso ngati yachokera pa galu kapena pa munthu. Inki imasungunuka m'spiriti. Akatswiri amayang'ana timing'alu topumira kumatako kwa mphutsi.

Ine ndimakonda njira ina: mphutsi yokhwima muiike m'botolo la mchenga wouma, kukamwa mumange kansalu. Imauma ngati kambewu, ndipo pakadutsa sabata ndi masiku angapo imatuluka ntchentche yachikasu chofiirira, yosanyezimira.

Tsopano dzina. M'mabuku mupeza Cordylobia anthropophaga (Blanchard, 1872). Mawu oyamba ali ngati chiwongo, n'chifukwa chake amayamba ndi chilembo chachikulu. Achiwiri ndi a Chigiriki, kutanthauza "wodya anthu", ngakhale kuti agalu ndi makoswe ndiwo amadyedwa kwambiri. Mabulaketiwo sanangoikidwa mokongoletsa: akusonyeza kuti ntchentcheyi inasamutsidwa gulu. Katswiri wa tizilombo Blanchard, amene anaipatsa dzina mu 1872, anaitcha Ochromyia anthropophaga, atalandira zitsanzo za ku Senegal, ndipo mu 1903 katswiri wina, Grünberg, anaikhazikitsira gulu latsopano la Cordylobia. M'gululi mulinso Cordylobia rodhaini ya m'nkhalango zowirira monga za ku Congo.

Chomaliza, musailole kubwerera. Yaikazi siikira mazira pathupi ayi, imawasiya pamchenga wa mikodzo pamthunzi kapena pa zovala zonyowa. Matewera yanikani pachingwe padzuwa, osati paudzu, ndipo musite mbali zonse, makamaka m'misoko. Pogona galu pazisesedwa.