Shuga ndi BP: chakudya cha kunyanja kuno n'chokwanira, tingosintha kadyedwe

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga kapena BP (kuthamanga kwa magazi), amafika pakhomo ndi funso limodzi: "Nanga ndizidya chiyani tsopano?" Ena amasiyiratu nsima mpaka kuwonda mochititsa mantha. Ena amangoti zakudya za odwala shuga zili m'masitolo a ku Lilongwe, choncho sasintha kanthu. Amayi ndi abambo a ku Nkhotakota ndi ku Salima, zimene wodwala akufunika zili m'dimba mwanu, pa doko ndi pa msika wa pafupi. Chofunika kusintha ndi muyeso ndi kaphikidwe.

Matendawa si a anthu olemera okha ayi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. A shuga anali pafupifupi 6 mwa 100.

Tiyambe ndi nsima, poti mkangano waukulu uli pamenepo. Kondowole, nsima ya ufa woyera ndi mpunga woyera zikalowa m'mimba zimasanduka shuga msangamsanga. Kondowole ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ufa wa chinangwa umangokhutitsa koma zomanga thupi mulibe zokwanira, ndipo timaudya mitanda ikuluikulu pa kandiwo kochepa. Mgaiwa uli bwinoko chifukwa madeya ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, komabe mgaiwa mitanda itatu ukwezabe shuga. Choncho gawani mbale motere: theka likhale masamba, gawo lotsalalo ligawidwe pawiri, kwina nsomba, nyemba, khobwe kapena dzira, kwina nsima kapena mpunga wochuluka ngati chibakera chanu. Msodzi amene wapalasa bwato usiku wonse, kapena mlimi amene wagaula tsiku lonse m'munda wa mpunga ku Lifuwu, angawonjezereko pang'ono. Koma wokhala pa okala kuyambira m'mawa asadye ngati msodzi.

Musadule nsima tsiku limodzi. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri kwa masabata angapo, masamba akuwonjezereka. Ndipo wodwala akhale ndi mbale yakeyake. Pa mbale yodyera limodzi palibe amene amadziwa kuti wadya yochuluka bwanji. Si tsankho, ndi chisamaliro, ndipo ana ndi alendo afotokozeredwe choncho.

Masamba tili nawo: chigwada, bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, therere. Nthawi ya dzinja achuluka, futsani kuti m'chilimwe mukhale ndi mfutso.

Tsopano mchere. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti supuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuwerengera zonse zimene wadya kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, magazi amapanikiza mitsempha, mtima ndi impso zimatopa, mapeto ake ndi sitiroko. Ambiri amandiuza kuti, "Ife kwathu sitithira wambiri." Mwina n'zoona, koma mchere wina umabisala. Uli mu usipa wofutsa ndi nsomba zina zouma zothira mchere. Uli mu timapaketi tokometsera ndiwo, mu buledi, ndi mu mchere wa tsabola uja timasunsa pa kanyenya ndi pa chipisi. Ulinso mu soda amene timathira mu therere ndi chigwada: soda samveka kuwawa ngati mchere, koma chimene chimakweza BP mu mchere chilinso mwa iye, komanso amawononga mavitamini ena a m'masamba.

Chochita n'chiyani? Nsomba zouma zamchere ziviikeni m'madzi ofunda, madziwo mutaye, ndipo musathirenso mchere pophika musanalawe. Chigwada chisinjeni bwinobwino ndipo chiwire nthawi yokwanira, chimafewa popanda soda. Kambale ka mchere kasabwere pa mphasa. Kukoma mukufuneko mu tomato, anyezi, adyo, mandimu, kambuzi ndi bwemba. Masabata oyambirira ndiwo zidzamveka zozizira, ndikudziwa, koma lilime limazolowera. Chonde mayi, musamaphike miphika iwiri. Banja lonse lichepetse mchere, ana akule ndi lilime limenelo. Mchere wochepawo ukhalebe wa ayodini.

Za shuga sindichulukitsa. Tili pakati pa mizimbe, ku Dwangwa uko ndi ku Salima kuno, ndipo masupuni atatu mu kapu ya tiyi timawaona ngati ulemu kwa mlendo. Tsikirani pa awiri, kenako imodzi. Wodwala shuga asiyiretu. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Thobwa lothira shuga, uchi ndi mzimbe nazonso zimakweza shuga m'magazi, ngakhale zili zachilengedwe. Mango ndi chipatso chabwino, koma nyengo yake ikafika timakhala pansi pa mtengo ndi beseni. Wodwala shuga adye limodzi laling'ono, osati pamodzi ndi nsima yambiri.

Nsomba ndiye dalitso lathu. Usipa wodya ndi minga yomwe, utaka, chambo, kampango, zonsezi n'zabwino kwa mtima kuposa nyama yonona. Timaziwononga ndi ife tikazimiza m'mafuta, makamaka mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda. Wambani, otchani kapena phikani ndi tomato. Masamba atendereni ndi nsinjiro m'malo mokazinga, koma mtedza wachuku muzitaya, umawononga chiwindi. M'mawa, m'malo mwa mandasi ndi zitumbuwa, phala la mgaiwa lotendera kapena kambatata kophika kamagwira m'mimba nthawi yaitali.

Pali chenjezo limene sindifuna muliphonye. Kusintha zakudya sikulowa m'malo mwa mankhwala. Wina akaona kuti mutu wasiya kuwawa amasiya mapiritsi a BP, kapena amasinthira ku zitsamba zogula pa msika, pomwe BP imatha kukwera popanda chizindikiro chilichonse. Amene mumamwa mankhwala a shuga kapena kudzibaya insulin, musamadumphe chakudya. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire, mwina shuga watsika kwambiri: imwani madzi osungunulira supuni yaikulu ya shuga, kenako idyani chakudya, ndipo mukafotokoze kuchipatala. Asodzi, tengani kachakudya ndi shuga pang'ono m'bwato. Amayi oyembekezera ndi amene muli ndi vuto la impso, funsani kaye adokotala musanasinthe kadyedwe.

Ngati simunayezetsepo, pitani pa chipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, pa chipatala cha St Anne's ku Nkhotakota komweko, kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko. Makina oyezera BP akamawerenga 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti vuto lilipo. Manambalawo alembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi sikelo yanu, kuti pakatha miyezi itatu inu ndi adokotala muone ngati zimene mwasintha pa mbale zikuthandiza.