Amphaka osowa mwini akachuluka pamudzi: chochita popanda nkhanza

Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha. Bere lake ndi la masiku 63 mpaka 65, amaswa ana atatu mpaka asanu, ndipo pachaka amatha kuswa kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake kuthira tameki m'nsima kapena kukataya tiana kudambo titamangidwa m'thumba sikuthetsa kanthu. Chiphecho chimaphanso nkhuku, agalu, ngakhale mwana wokwawa, ndipo malinga pachigayo kapena padzala pakadali chakudya, amphaka ena amabwera kudzalowa m'malo. Njira yothandiza ndi kuwagwira, kuwatseketsa kubereka, kuwabayitsa katemera wa chiwewe, n'kuwabwezera pomwe anali. Makoswe a m'nkhokwe azipitiriza kugwidwa, koma tiana tatsopano sitibadwanso.

Yambani kwa amfumu, kuti mudzi udziwe amphaka omwe ali ndi eni ake. Kenako kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, akuuzeni komwe kuli dokotala wochita opaleshoniyi. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, ku Blantyre kuli la BSPCA. Musagwire mphaka musanapangane tsiku ndi dokotala. Mphira yothenera mbuzi kapena lezala ayi: mphaka amavulala koopsa, mwinanso kufa ndi chilonda.

Kugwirako kumafuna kudekha. Kwa sabata imodzi muziika chakudya pamalo amodzi, nthawi imodzimodzi chakumadzulo, n'kuchotsa chotsala pakapita mphindi 30. Mukatero mudzawawerenga bwino, ndipo mudzadziwa aakazi ndi oyamwitsa. Kenako muziika mbaleyo mkati mwa bokosi la waya, chitseko chake chitamangidwa kuti chisatsekeke, kwa masiku atatu. Tsiku lotsatira musawapatse kanthu koma madzi okha. Madzulo a tsiku logwira ikani usipa pang'ono kumapeto kwenikweni kwa bokosi, mangani chingwe chachitali kuchitseko, mukhale patali. Akalowa thupi lonse, mchira womwe, kokani. Mukafulumira n'kumuphonya, ameneyo sadzalowanso kwa masabata.

Phimbani bokosilo ndi chitenje nthawi yomweyo. Mphaka wamantha amadziguguda pawaya mpaka mphuno kutuluka magazi, koma mumdima amakhala phee. Muikeni pamthunzi, musamugwire ndi manja, ndipo usiku umenewo asadye, poti akapatsidwa mankhwala ogonetsa ali wokhuta amasanza n'kutsamwa.

Ndalama zikachepa, yambani ndi aakazi, ndipo malizani gulu limodzi musanapite kwina, chifukwa aakazi awiri otsala amatha kubweza chiwerengero chaka chisanathe. Woyamwitsa mudikireni mpaka ana ayambe kudya okha, pa masabata 6 kapena kuposerapo.

Pemphani dokotala adule kansonga ka khutu lakumanzere, pafupifupi sentimita imodzi, mphaka akadali mtulo. Ndi chizindikiro choti ameneyu anatheka kale. Wamphongo msungeni maola 24, wamkazi maola 48, m'chipinda chouma chopanda phokoso, kenako mukamutsegulire pamalo penipeni pomwe munamugwira. Musamupatse Panado ngakhale kachidutswa, amapha mphaka. Dibi wa agalu wokhala ndi mankhwala a permethrin ndi chimodzimodzi.

Tiana tosapitirira masabata 7 timazolowera anthu msanga tikamagwiridwa tsiku ndi tsiku, ndipo pa masabata 8 mutha kutipereka kwa ofuna mphaka wapakhomo. Odandaula za anapiye atchinge khola ndi waya wa maso aang'ono, ndipo zotsala za kukhitchini zikwiriridwe.

Mphaka amene akutuluka dovu, kudzandira kapena kuluma chilichonse musamutchere bokosi. Chotsani ana pafupi, itanani mlangizi. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.