Kusintha thabwa la m'mphepete mwa boti

Eni maboti a matabwa ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chikombe, tayang'anani thabwa lija limazungulira kunja kwa mlomo wa boti. Ndilo limagundana ndi maboti ena padoko, ndipo zingwe za ukonde wa chilimira zimakhula pomwepo alovi akamakoka. Linaikidwa kuti lizitha ilolo, matabwa a thupi la boti atetezeke. Mukaona lakumbika tingalande, mitu ya misomali ili pamtunda, lisintheni msanga, chifukwa mutu umodzi wa dzimbiri ndi wokwanira kung'amba ukonde wodula.

Ntchitoyi igwireni masiku amene mwezi ukuwala kapena mwera wavuta, poti boti limakhala lili pamtunda kale. Likhazikeni pa mitengo, liume masiku atatu. Yambani mbali imodzi, mukamaliza mupite inayo. Mukachotsa mbali zonse nthawi imodzi, mlomo wa boti lakale umatha kutanuka.

Pochotsa lakale musakanule ndi chitsulo mwamphamvu, mungang'ambe thabwa la pansi pake. Liduleduleni ndi sowo pakati pa misomali, muchotse chidutswachidutswa, kenako muzule misomali mutatsamiritsa hamala pa kathabwa.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira, koma ndi pofunika kudekha. Kuseri kwa thabwalo kumabisala madzi a mvula ndi mchenga, ndipo kuola kumayambira kumeneko. Bayani ndi nsonga ya mpeni mlomo wonse, makamaka pamitu ya nthiti, mitengo ya m'kati imene matabwa a boti amakhomedwapo. Mpeni ukalowa ngati mu chinangwa chophika, pamenepo paola. Dulani mpaka mupeze thabwa lolimba, muike chigamba. Mabowo akale a misomali muwatseke ndi timitengo tosongola toviika m'phula. Bowo losiyidwa limamwetsa madzi nthiti, chaka chamawa mudzapeza ntchito yaikulu kuposa iyi.

Thabwa latsopano likhale louma, lopanda mfundo, lochindikala masentimita 2.5 ndi mulifupi masentimita 5 kapena 6. Mlombwa ndi mbawa zimapirira madzi, koma ndi mitengo yotetezedwa, choncho gulani kwa ogulitsa ovomerezeka. Bulugama wokhwima amagwiranso ntchito. Paini ndi wofewa, zingwe zimamudya msanga. Palani m'mbali mwa kunja kuti mukhale mobulungira, ndipo pakani penti kuseri musanakhome, chifukwa mukakhoma simudzafikakonso. Pamene thabwalo ligonepo pakani phula.

Thabwa limodzi silikwana boti lonse, ndiye pamafunika kulumikiza. Musagunditse mitu yodulidwa mowongoka. Semani mitu yonse iwiri mopendekera kwa masentimita 20, kutanthauza kuchindikala kwa thabwa kuchulukitsa ka 8, kuti igonerane bwino. Nsonga ya kunja iloze kumbuyo kwa boti kuti isamakole zinthu boti likamayenda. Polumikizapo pakhale pakati pa boti pamene pali powongoka, osati pokhota.

Kukhoma yambirani kutsogolo, kumene kuli kokhota kwambiri, kuti mbali yaitali yotsalayo ikuthandizeni kupinda. Thabwa likamakana, likulungeni ndi masaka a ziguduli, muthire madzi owira kwa mphindi 30, mulipinde likadali lotentha. Anthu awiri azikankha pang'onopang'ono, wachitatu azimanga ndi chingwe kapena kalampu, chitsulo chopanira matabwa. Mukamva kulira kwa kuthetheka, imani muthirenso madzi.

Boolani kaye musanakhome, bowo locheperako pang'ono kuposa msomali. Bulugama wouma amang'ambika mukangomukhoma, makamaka kumapeto. Gwiritsani misomali kapena mabawuti okutidwa ndi zinki pa nthiti iliyonse, osatalikitsa kuposa masentimita 30. Misomali wamba yomangira nyumba imachita dzimbiri n'kuoletsa thabwa mozungulira. Mitu ilowe mkati mamilimita 5, pamwamba mumate ndi phula kapena pate, phala lomatira mabowo a m'matabwa.

Mukatha, yendetsani kansanza ka ukonde wakale thabwa lonse. Pamene kakola, palaninso. Pakani penti kawiri, ndipo boti lidikire masiku awiri lisanalowe m'madzi.