Tikiti yoyamba ya sipidi: mulipire kapena mukatsutse kukhoti?

Ine tikiti yanga yoyamba ndinailandira m'mawa wina ndikuthamangira kuntchito, wapolisi anangokweza dzanja ine n'kuima pambali mtima ukugunda ngati ng'oma, akundionetsa kachipangizo kake pakuwala 72 km/h pomwe malo amenewo ndi a 60 km/h. Kapepala kaja ndinalandira manja akunjenjemera, ndinakapinda kawiri n'kukalowetsa m'thumba la malaya ndipo usiku wonse ndinkangodzifunsa kuti ndingolipira basi kapena ndikakane kukhoti. Anthu ambiri funso limeneli amaliyankha ali ndi mkwiyo kapena mantha, ndiye apa ndikufuna tiliyankhe mutu uli pansi.

Musanaganize n'komwe za khoti, tengani tikitiyo muiwerenge yonse kutsogolo ndi kumbuyo komwe, mpaka tizilembo ting'onoting'ono tija timene aliyense amadumpha. Penapake pamenepo pali deti lomaliza loti mukhale mutalipira kapena mutanena kuti mukutsutsa, ndipo ndikuuzeni zoona anthu ambiri si sipidiyo imawapweteka koma kuiwala detili, faini imakwera, ena amafika poitanidwa ndi khoti, kwina mpaka laisensi kuimitsidwa chifukwa cha kapepala komwe kanangoiwalika m'galimoto. Lembani detilo mufoni muike ndi alamu lero lomwe. Kenako onani nambala ya galimoto, tsiku, nthawi, malo, sipidi imene akuti munali nayo komanso malire a pamalopo. Akalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina lanu musasangalale msanga, zoterozo makhoti nthawi zambiri amangokonza mlandu n'kupitirira. Koma ngati nambala puleti si yanu, kapena tsiku limenelo galimoto yanu inali kugalaja ndipo muli ndi lisiti, pamenepo nde nkhani ina.

Tsono muyenera kudziwa kuti kulipira kumatanthauza chani. M'malamulo a mayiko ambiri ukalipira faini ndiye kuti wavomera mlandu, sungabwerenso mawa n'kumati ayi sindinathamange. Ndiye mtengo weniweni si ndalama yalembedwa pa tikiti yokha, palinso zotsatira zake. Kumene kuli dongosolo la mapointi, mlanduwo umalembedwa pa laisensi yanu. Ku UK mwachitsanzo mlandu wa sipidi umabweretsa mapointi osachepera 3, ndipo munthu amene wangotenga kumene laisensi akafika mapointi 6 zaka 2 zisanathe laisensiyo amamulanda n'kukayambiranso mayeso, ndiye matikiti awiri okha basi zatha. Ku Germany ukafika mapointi 8 laisensi imapita. A inshuwalansi nawo m'malo ambiri amayang'ana mbiri ya dalaiva ndipo akhoza kukukwezerani. Nanga ngati ntchito yanu ndi kuyendetsa galimoto, kaya lole kaya basi kaya takisi, mbiri imeneyo nde chakudya cha ana anu, inu musalipire mothamanga, muone kaye kuti mlanduwu ukakhala pa dzina lanu kwa zaka zingati ndipo abwana kuntchito auona bwanji. Koma ngati kwanuko kulibe mapointi, faini ndi yochepa ndipo munathamangadi, nkhani ndi yachidule.

Funso lalikulu, limene ine ndinavutika kudzifunsa, ndi lakuti kodi munathamangadi? Mudziyankhe nokha moona mtima chifukwa woweruza sakufuna kumva mmene zinakupwetekerani, akufuna umboni. Mawu oti "ndinali mochedwa", "aliyense amathamanga chomwecho pamenepo", "enawo bwanji simunawaimitse", "chikwangwani sindinachione" pomwe chilipo bwinobwino, onsewa ndi kuvomera mlandu mosadziwa. Olo zija zoti "sipidomita yanga imaonetsa 60" sizolimba kwenikweni, chifukwa lamulo la United Nations la Regulation 39 limene mayiko ambiri amatsatira limati sipidomita isamaonetse sipidi yotsika kuposa yeniyeni, ikhoza kupitiriza ndi 10 peresenti kuphatikiza 4 km/h koma osachepetsa. Ndiye nthawi zambiri singano ikakhala pa 60 inu muli pansi pa 60. Pokhapokha ngati munaikitsa matayala akuluakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, apo singano imanama mochepetsa, komabe matayalawo munaika ndinu, zingakuthandizeni popempha chifundo osati kuthetsa mlandu.

Zifukwa zomveka zilipo ndithu, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetsetse chifukwa anthu amangoti "makina sanama" n'kugonja. Dziwani kaye kuti anakuyezani ndi chani. Radar imatumiza mafunde a wailesi n'kuyeza mmene asinthira pobwerera kuchokera pa galimoto yoyenda, zija amati Doppler effect. Mafundewo amatambasuka akamapita patali, ndiye ngati munali pakati pa magalimoto angapo, tinene kuti kumbuyo kwanu kapena pambali panu kunkabwera chilole chachikulu chikuthamanga, makina akhoza kugwira chilolecho chifukwa chimabweza mafunde ambiri kuposa kagalimoto kanu. Imeneyo ndi mfundo yeniyeni yoti mukhoza kufunsa wapolisi kukhoti, kuti anadziwa bwanji kuti nambala ija ndi yanu. Koma musakanene kuti iye anaima chammbali mwa msewu ndiye makina analakwitsa, radar yoima malo amodzi ikayeza chopingasa imapereka sipidi yotsika kuposa yeniyeni, zimakomera inu zimenezo. Makina ena oyezera ndi a laser, iyo ili ndi kuwala kopyapyala ndiye imalasa galimoto imodzi bwinobwino, vuto limabwera ngati woyezayo dzanja linatsetsereka kuwala n'kuyenda pathupi la galimoto m'malo mokhala pamodzi. Makamera oyeza nthawi imene mwatenga kuchoka pa malo A kufika pa B, amenewo nde ovuta kuwatsutsa, ndi masamu chabe, mtunda kugawa ndi nthawi. Ngati tikiti yachokera pa kamera pemphani chithunzicho muchione, nthawi zina mumapezeka magalimoto awiri, kapena puleti anaiwerenga molakwika, kapena amayendetsa anali wina osati inu, ndipo apo pali njira yake yotchulira woyendetsa, osanamizira munthu chonde chifukwa umenewo ndi mlandu waukulu kuposa sipidiyo. Makina onsewa amayeneranso kumayesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo m'malo ambiri muli ndi ufulu wopempha chikalata chosonyeza kuti anayesedwa liti.

China ndi chikwangwani. Ngati chinagwa, chabisika ndi nthambi, kapena chafufutika moti manambala sakuoneka, bwererani pamalopo mwamsanga mukajambule musanapeze atakonza, mujambule kuchokera pomwe dalaiva amaonera osati mutaima pafupi nacho, ndipo zithunzizo zikhale ndi deti. Ngati muli ndi dashcam, kakamera ka m'galimoto kojambula msewu, sungani vidiyoyo lero, timakamera timeneti timafufuta zakale tokha memory ikadzadza. Lembaninso zonse zimene mukukumbuka zidakali m'mutu, nyengo, magalimoto anali angati, wapolisi anaima pati, ananena chani.

Mukawerengerenso zomwe khoti lidzakudyereni, tsiku limodzi kapena awiri osapita kuntchito, mayendedwe, loya ngati mungamufune, komanso kwina ukaluza faini imaposa ija ya pa tikiti kuphatikiza ndalama za khoti. Pa tikiti wamba loya sikuti ndi wofunika nthawi zonse, koma ngati sipidi inali yokwera kwambiri moti akukamba zolanda laisensi, kapena akuti munayendetsa moika miyoyo pachiswe, pezani loya musazengereze. Ndipo musadalire zija anthu amauzana zoti wapolisi akapanda kubwera mlandu umatha, zimachitika kwina koma kwina amangosuntha deti inu n'kubweranso.

Pali njira yapakati imene olandira tikiti koyamba ambiri saidziwa. Ku UK munthu amene wapitirira pang'ono akhoza kupatsidwa mwayi wa kosi ya speed awareness, yophunzitsa za kuopsa kothamanga, m'malo mwa mapointi, ndipo m'zigawo zina za ku United States monga California kuli kosi yofanana nayo yotchedwa traffic school. Kwina mukhoza kuvomera mlandu koma n'kupempha woweruza kuti akuchepetsereni poti ndi koyamba ndipo mbiri yanu ndi yoyera. Imbani foni pa nambala ili pa tikitiyo mufunse ngati zoterezi zilipo deti lija lisanakwane. Mukasankha kukaonekera, valani bwino, fikani msanga, zithunzi zikhale zosindikiza papepala osati kumangosakasaka mufoni, lankhulani mwaulemu ndi mwachidule, osadula mawu woweruza kapena wapolisi.

Ine tsiku lachitatu ndinabwerera pamalo paja ndi foni m'manja, mumtima ndikufunitsitsa nditapeza chikwangwani chitabisika. Ndinachipeza chili chiimire choyera bwino, 60 wamkulu, ndipo patsogolo pang'ono pali malo owolokera anthu, mayi wina akuwoloka atagwira kamwana dzanja. Ndinaima pamenepo kanthawi n'kuwerengera, pa 72 galimoto imayenda mamita 20 pa sekondi iliyonse, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, ndipo mtunda woimira ukaponda mabuleki umatalika ndi 44 peresenti kuyerekeza ndi pa 60 chifukwa umakula ndi sipidi kuchulukitsa ndi sipidi yomweyo. Msewu unali wopanda magalimoto ena m'mawa uja, anayeza ine ndithu, ndinalibe choti ndikamuuze woweruza. Ndinakalipira mawa lake kudzera njira yovomerezeka imene inalembedwa pa tikitiyo, lisiti ndinaijambula ndi foni n'kuika yeniyeniyo pamodzi ndi mapepala a galimoto, ndipo patapita milungu ingapo ndinafunsanso kuti nditsimikize kuti mu kompyuta mwawo mukuonetsa kuti ndinalipira.