Momwe mungalembere nyama ndi mbalame zomwe mumaziona pakhomo ndi kudimba

Anthu ambiri akamva za kalembera wa nyama zakutchire amaganiza za njovu ndi mikango, kuti mpaka ukhale ndi kamera yodula. Ayi ndithu. Buluzi wowothera dzuwa pakhoma, njiwa zodzatola pabwalo, achule olira kuseri kwa bafa mvula ikagwa, zonsezo nzofunika kulemba, chifukwa zomwe timaziona daily ndi zomwe palibe amazilemba, ndiye zikayamba kuchepa aliyense amangoti "kale zinaliko zambiri" koma umboni wake palibe.

Choyamba pezani kope ndi pensulo. Pensulo osati bolopeni, inki ikanyowa imafalikira tsamba lonse. Pa chilichonse chomwe mwaona lembani zinthu zisanu: dzina lake, deti, nthawi, malo, komanso zinalipo zingati. Mzere umodzi ndi wokwanira, monga "apumbwa 3, mumtengo wa kuseri kwa khola, 6:10 mmawa, akudya zipatso". Deti likhale lonse ndi chaka chomwe, zongolemba kuti Lachiwiri pakatha miyezi iwiri simudzadziwa kuti linali Lachiwiri liti.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse, sankhani malo amodzi ndi nthawi imodzi nkumabwereza. Mphindi 15 basi, kamodzi pa sabata olo kawiri, mutakhala pamalo omwewo. Mmamawa dzuwa likungotuluka ndi nthawi ya mbalame, masana kukatentha ndi ya agulugufe, atombolombo ndi abuluzi. Kope la munthu amene amakhala pakhonde pomwepo Loweruka lililonse kwa chaka chonse limaposa la munthu amene anazungulira mudzi wonse tsiku limodzi nkusiya, chifukwa kubwerezako ndi komwe kumaonetsa kuti anamzeze afika mwezi uti ndipo achoka liti, kapena kuti chichokereni mtengo uja anaudula mbalame zakutizakuti sizikubweranso. Ndipo tsiku lomwe simunaone kanthu lembani kuti sindinaone kanthu. Ambiri amalumpha tsiku lotere poganiza kuti ndi lotayika, pomwe nalonso likunena zinazake.

Powerenga musamaphatikize. Mukaona mpheta ziwiri pano, kenako zinayi, kenako zitatu, musalembe 9, mwina ndi zomwezo zikungopita nkubwera. Lembani 4, nambala yayikulu yomwe munaiona pa kamodzi.

Chachitatu ndi dzina. Ngati simukulidziwa osapeka. Fotokozani zomwe maso aona: kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena khwangwala, mlomo wautali kapena waufupi wonenepa, mchira, mtundu wa pamimba, kaya imayenda kaya imadumphadumpha. Dzina la Chichewa lilembeni ndithu, afunseni akuluakulu amawadziwa bwino, koma dziwani kuti dzina limodzi nthawi zina limaphimba mitundu ingapo, njiwa si mtundu umodzi. Nchifukwa chake chithunzi chimathandiza olo chikhale chosaoneka bwino kwenikweni. Tizilombo tating'ono mukamajambula ikani bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike, jambulani kumsana ndi mmbali. Mbalame yobisala mmasamba ingotepani kulira kwake pafoni.

Za usiku zili ndi njira zake. Salazani mchenga kapena phulusa pamalo pomwe mukuganiza kuti pamadutsa nyama, mmawa mudzapeza mapazi, jambulani nkhuku zisanapondepo. Pachikani nsalu yoyera pafupi ndi nyale, agulugufe ausiku ndi tizilombo tina tidzatera pamenepo tokha. Birimankhwe masana mutha kumudutsa kangapo osamuona, koma usiku akagona kunsonga kwa kanthambi amatuwa, mukawalitsa tochi amaonekera patali. Nthenga, ndowe, chisa chakale, khungu lomwe njoka yafundula, zonsezo ndi umboni, lembani kuti mwaona chizindikiro osati nyama yeniyeniyo.

Njokayo musayiyandikire pofuna chithunzi chabwino, pali mitundu ina imalavula ululu mmaso kuchokera pa mamita awiri. Jambulani muli patali nkuyisiya ipite. Mileme musagwire ndi manja, zisa zomwe muli mazira musazisunthe.

Chachinayi, ngati muli ndi foni ya intaneti, zomwe mwalembazo zitha kufika kwa akatswiri. iNaturalist, webusaiti komanso apu ya pafoni yomwe inayamba mu 2008, ndi yaulere ndipo imalandira chamoyo chilichonse, mumaika chithunzi kapena mawu, deti ndi malo, kenako anthu ena amathandiza kutchula dzina. Opitirira magawo awiri mwa atatu a otchulawo akagwirizana, rekodi yanu imafika pa Research Grade, kutanthauza kuti ndi yoyenera kugwiritsidwa ntchito pakafukufuku, ndipo itha kulowa mu GBIF, nkhokwe yomwe ofufuza padziko lonse amatengako. Netiweki ikavuta mutha kusunga mufoni nkudzatumiza pambuyo. Apu imapereka maganizo ake a dzina koma osangovomera zilizonse, imaphonya makamaka pa tizilombo. Kwa okonda mbalame zokha kuli ina yotchedwa eBird yomwe inayamba mu 2002, ya Cornell Lab of Ornithology, malo ofufuza za mbalame ku America, iyo imafuna mndandanda wa mbalame zonse zomwe mwazizindikira ndi mphindi zomwe munakhala mukuyang'ana. Mwezi wa February chaka chilichonse kumakhalanso Great Backyard Bird Count, kalembera wa mbalame wa masiku anayi, amangofuna mphindi 15 zomwezo.

Samalani ndi malo. Poti mukulemba za pakhomo panu, pa iNaturalist sankhani obscured kuti mapu asaloze nyumba yanu ndendende. Nyama zosakidwa ngati ngaka malo ake amabisidwa kale pa apuyo, koma inu musakaike pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp kuti ili pakutipakuti, opha nawonso amawerenga. Nkhuku, mphaka ndi nkhunda zoweta sizilowa mukalemberayu, mukaziika pa apu chongani kuti ndi zoweta.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse tengani tsamba limodzi mulembe mayina onse omwe aoneka mwezi umenewo, nkujambula masamba a kope pafoni, kuti chiswe kapena mvula zikaononga kopelo zolembazo zikhalepobe.